Malire a Dziko Akadali M'kabati

Ana anga, funso limene masiku ano mumaliyankha madzi a tiyi asanawire, m'masiku athu linkadya mwezi wathunthu, ndipo palibe ankaona chachilendo. Bwanamkubwa wa boma, kapena mkulu wa zamaphunziro amene wapeza ndalama zomangira sukulu, ankalemba kalata yofunsa kuti anthu a kwa mfumu yakutiyakuti alipo angati, dera lawo layambira pati n'kuthera pati, nanga kukula kwake n'kotani. Kalatayo inkakwera basi m'thumba la positi, n'kugona m'njira, n'kufikira pa tebulo la kalaliki amene ankaidinda, kuilemba m'buku lalikulu ndi kuimangira mu fayilo. Kenaka amesenjala, atavala kaki wawo wosita mpaka kuuma gwa, ankaibweretsa kwa ife kuchipinda cha mapu. Mayankho a mafunso atatuwo sankagona pamodzi. Malire ankakhala m'kabati, chiwerengero chinkakhala m'mabuku a kalembera, ndipo kukula kwa dera kunalibe pokhala penipeni: tinkachita kuyeza tokha tsiku limene wina wafunsa.

Chipindacho chinali ndi fungo lakelake, loti ngakhale akumange m'maso ukanadziwa kuti wafika. Munali fungo la mapepala akale amene amwa chinyontho cha madzinja ambiri, fungo la inki yakuda, la polishi wofiira wa pansi, ndipo pamwamba pa zonsezi panali ammonia wa makina ochulukitsira mapu, amene ankalasa m'mphuno mpaka kutulutsa misozi. Makabati ake anali aafupi ndi otambalala, a madirowa osaya ambirimbiri, kuti mapu azigona motambasuka. Kupinda mapu unali mlandu, chifukwa mapu opindidwa amathetheka pamzere, ndipo mudzi umene ukuufuna umakapezeka pamzere wothethekawo. Ambiri anali a sikelo ya 1:50,000, pamene masentimita awiri a papepala ndi kilomita imodzi ya pansi, ndipo oyambirira anakonzedwa ndi bungwe la ku Britain la Directorate of Overseas Surveys kuchokera pa zithunzi zojambulidwa m'ndege. Pepala limodzi linkanyamula malo a makilomita pafupifupi 27 mbali iliyonse: mitsinje ya buluu, nkhalango zobiriwira, nyumba timadontho takuda, ndi mizere yofiirira ya zitunda imene pa phiri la Mulanje inkathinana mpaka kusowa poika nsonga ya pensulo. Pansi penipeni pa kabati pankagona akaleakale, olembedwabe Fort Johnston, Port Herald, Fort Manning, Fort Hill ndi Kota Kota, pamene inu mukuti Mangochi, Nsanje, Mchinji, Chitipa ndi Nkhotakota. Amenewo sitinkawataya, popeza mlandu wa malo umakonda kufunsa za dzana.

Mwini makiyi a makabatiwo anali mkulu wina wochepa thupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene tonse tinkangoti Madala. Ukawapatsa kalata ija sankathamangira kudirowa. Ankaiwerenga kawiri, n'kuvula magalasi, kenaka n'kufunsa funso lawo limene tinachita kuliloweza: "Akufuna malire a chaka chiti?" Ife anyamata tinkaseka chamumtima, tikuti malire ndi malire basi, mdalayu akungofuna kuoneka wofunika. Koma galu wamkota sakandira pachabe. Boma limene inu mukulitcha Machinga lidayamba latchedwa Kasupe. Madera a mafumu ankagawidwa mfumu yaing'ono ikakwezedwa. Matauni ankakula n'kumeza midzi yoyandikana nayo. Ndipo munthu woika chiwerengero cha chaka china pa malire a chaka china amapeza yankho looneka bwino koma labodza. Madala akatulutsa pepala, ankalitulutsa pamodzi ndi mbiri yake: uyu anajambula ndi uje, chaka chakutichakuti, mbali ya kummawayi anaiyenda ndi miyendo koma ya kuphiriyi anangoiyerekeza poti kunali mvula, choncho musaikhulupirire kwambiri.

Kuti mzere ufike papepala, wina ankayenera kuuyenda. Kalembera asanachitike, magulu a anyamata ankamwazikana m'dziko lonse, ena pa Land Rover, ambiri pa njinga za kapalasa, atanyamula kampasi, bolodi lolemberapo, mapensulo ndi mapu okulungidwa m'chubu. Ukafika m'dera sunkayamba n'kujambula. Unkayamba kwa mfumu yaikulu, kukhala pansi, kuomba m'manja ndi kufotokoza chimene wadzera, ndipo mfumu inkakupereka kwa agulupu, agulupu kwa anyakwawa, anyakwawa n'kukupatsa nduna yoti iyende nawe. Ndunayo ndiyo inali mwini malire. Inkakuuza kuti kuyambira pa mlambe uwo titsike ndi khwawa mpaka pa chulu chachikulu, tikhote pa mkuyu wa pa manda, titsate njira ya ng'ombe mpaka kudambo. Tsidya linalo n'kwa anzathu. Iwe unkawerenga mapazi, kuyang'ana kampasi ndi kulemba, udzu wa tsekera ukukucheka m'mikono, chitedze chikukudikira m'khwawa, ndipo madzulo unkagona pa mphasa m'kalasi ya sukulu utadya nsima ya mgaiwa ndi nkhwani wotendera umene amayi a pamudzi akupatsa mwaulere, poti mlendo ndi mame.

Cholinga chinali kudula dziko lonse m'timadera ting'onoting'ono, kalikonse kokwanira munthu mmodzi kuwerenga nyumba zake zonse m'masabata ochepa a kalembera, popanda nyumba yolembedwa kawiri kapena yodumphidwa. Lamulo lake linali lakuti malire akhale chinthu chimene wowerengayo angachione ndi maso: mtsinje, msewu, njanji, mzere wa phiri. Vuto linali lakuti zooneka ndi maso nazonso zimayenda. Mtsinje wa Songwe, umene uli malire athu ndi Tanzania, umasintha njira kumunsi kwake, moti munda umene unali tsidya lino ukhoza kudzuka uli tsidya linalo. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo gombe limene unalijambula chaka chino chaka china unkalipeza lili minda ya mpunga. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu womwewo ndiwo malire ndi Mozambique, moti pa msika wa Lizulu wogulitsa mbatata ndi womugula akhoza kuima m'mayiko awiri akutsutsana mtengo. Nanga mafumu awiri akamakanganirana dambo limodzi? Ife sitinali oweruza. Tinkajambula mzere wodukizadukiza ndi kulemba m'mphepete mwa pepala kuti pano sanagwirizane, kenaka n'kupangana kuti wowerenga uyu atenga nyumba izi, uyo atenga izo.

Tikabwerera ku ofesi inkayamba ntchito ya manja. Unkayala pepala loonekera pamwamba pa mapu, kulipanikiza ndi timapini, ndi kutsata mzere uliwonse ndi cholembera cha Rotring, chimene nsonga yake inali yopyapyala kuposa singano ndipo inkatsekeka ukangoisiya pang'ono osaitsuka. Ukalakwitsa unkadikira inki iume, n'kupala pang'onopang'ono ndi lezala, ukupuma mosamala kuti usaboole pepala. Thukuta la m'manja linali mdani, choncho tinkaika kansalu pansi pa dzanja, ndipo m'mwezi wa Okutobala ntchito yabwino inkachitika m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mnyamata waphuma sankakhalitsa m'chipinda chimenecho. Ankapempha yekha kuti amusamutsire ku akaunti.

Kukula kwa dera tinkayeza ndi kachipangizo kotchedwa planimeter, ka mikono iwiri ndi kagudumu kakang'ono kowerenga manambala. Unkayendetsa nsonga yake m'malire monse mpaka kubwerera pamene unayambira, n'kulemba nambala. Kenaka kubwereza, n'kubwerezanso, ndi kutenga ya pakati. Kachipangizoko kankakhala m'bokosi lake la nsalu yofewa, ndipo kuti ukagwire unkayenera kusamba m'manja, Madala akuyang'ana. Kakakhala kuti kali ndi wina, unkatenga pepala la timabokosi, kuliyala pa mapu ndi kuwerenga timabokosi tonse ta m'kati mwa malire, todukatoduka n'kumatiphatikiza tiwiritiwiri. Dera limodzi la mfumu likadutsa pa mapepala anayi, unkayeza zidutswa zinayi, ndipo kawirikawiri mizere ya mapepala oyandikana sinkakumana ndendende, chifukwa pepala limafutukuka nthawi ya mvula n'kukhwinyata nthawi ya chilimwe.

Ziwerengero zinali ndi nyumba yake, ku National Statistical Office ku Zomba, ndipo zinkatuluka m'mabuku onenepa kalembera akatha, nthawi zina patapita zaka. Kalembera woyamba dziko litalandira ufulu, wa 1966, anapeza anthu 4,039,583. Wa 1977 anapeza 5,547,460, wa 1987 anapeza 7,988,507, ndipo wa 1998 anapeza 9,933,868. Manambala amenewa ndimawatchula ngati mayina a abale, chifukwa pansi pa iliyonse pali masamba a mizere yothinana imene tinkaitsata ndi rula kuti diso lisadumphire mzere wa mfumu ina. Kompyuta ya m'masiku amenewo inali chimakina chodzaza chipinda, chokhala m'malo ozizira kumene ife a inki m'zala sitinkaloledwa, ndipo tebulo limene silinasindikizidwe m'buku sunkangolipeza. Unkalemba pempho n'kudikira. Choncho zambiri tinkawonkhetsa tokha pa makina opukusa a Facit, amene ankalira kereketekerekete tsiku lonse, mmodzi akuwerenga mokweza, wina akupukusa, kenaka n'kusinthana kuti tione ngati yankho libwerenso lomwelo. Likasiyana, mumayambanso.

Kulumikiza buku ndi mapu ndiye panali nzeru yonse, ndipo Madala ankatiletsa kulumikiza ndi dzina. Ku Zomba kuli mfumu yaikulu Malemia, ku Nsanje kulinso Malemia. Ku Chikwawa kuli Ngabu, ku Nsanje kulinso Ngabu. Lundu ali ku Chikwawa, Lundu wina ali ku Blantyre. Onjezani apo kalembedwe: uyu walemba Cholo, uyo Thyolo, uyu Mlanje, uyo Mulanje, uyu Ncheu, uyo Ntcheu. N'chifukwa chake malo aliwonse anapatsidwa nambala, yoyamba ndi chigawo, kenaka boma, kenaka mfumu, kenaka kadera kowerengera. M'manambala a masiku ano Chitipa ndi 101, Kasungu 201, Zomba 303, Nsanje 311, ndipo Malemia awiri aja sangasokonezeke ngati wolemba sanachite ulesi.

Maboma nawonso sanakhale chikhalire. Kwa zaka zambiri ana a sukulu ankaloweza maboma 24; kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 Balaka anachoka m'Machinga, Phalombe anachoka m'Mulanje, Likoma anachoka m'Nkhata Bay, ndipo pambuyo pake Neno anachoka m'Mwanza, n'kukwana 28. Munthu woyerekeza Machinga wa m'buku la 1987 ndi Machinga wa pambuyo pake, osadziwa zimenezi, angaganize kuti kunagwa mliri. Tinkayenera kubwerera ku madera a mafumu, kuchotsa amene anapita ku Balaka, ndi kumanganso boma lakale pa malire atsopano kuti zaka ziwirizo zilankhulane. Koma pali kusintha kwina kosachokera ku mzere. Ku Nsanje anthu anapezeka ochepa mu 1998 kuposa mu 1987, malire ali omwewo. Ife amene tinaona misasa ya abale athu othawa nkhondo ku Mozambique, amene panthawi ina anapitirira miliyoni imodzi m'dziko muno, ndipo tinawaonanso akubwerera kwawo mgwirizano wa mtendere wa 1992 utasainidwa ku Rome, sitinkafunika kuuzidwa chifukwa chake. Nambala yokha siikanakuuzani.

Makompyuta a patebulo atafika, tinapatsidwa bolodi lalikulu la magetsi ndi kachipangizo ka galasi kokhala ndi mtanda pakati. Unkamata mapu pa bolodipo ndi kudina kadontho ndi kadontho m'malire monse, tsiku lonse, mpaka khosi kuuma, ndipo magetsi akathima usanasunge, ntchito ya m'mawa wonse inkapita. Mizere ija inasanduka mndandanda wa manambala, n'kumasungidwa m'mafayilo otchedwa shapefile, a kampani ya ku America ya Esri, amene sayenda okha: pamafunika atatu pamodzi, lina la mizere, lina la kalozera, lina la ziwerengero, ndipo limodzi likatsalira pa disiki ina, enawo ndi opanda ntchito. Dzina la danga lililonse la m'tebulo la ziwerengerolo silinkaloledwa kupitirira zilembo 10, choncho tinkadula mawu mpaka kufika poti wodulayo yekha ndiye ankadziwa tanthauzo. Madala anapuma ntchito m'nyengo imeneyo. Bolodi lija sanalikhudzepo.

Tsopano mdzukulu wanga wina wamkazi, mwana wa mwana wanga wachisamba, ndiye akugwira ntchito yomweyi, ndipo wandionetsa mmene zikuyendera. Zonse zimene zinkagona m'makabati ndi m'mabuku zili m'nkhokwe imodzi ya pa kompyuta imene iwo amati database. Yawo ndi PostgreSQL, imene mizu yake ili ku yunivesite ya California ku Berkeley, yowonjezeredwa chida chotchedwa PostGIS, chimene kampani ya Refractions Research ya ku Canada inatulutsa mu 2001 kuti nkhokweyo izitha kusunga maonekedwe a malo. Mzere uliwonse wa tebulo ndi dera limodzi: nambala yake, dzina, amuna angati, akazi angati, mabanja angati, ndipo kumapeto kwake kuli danga limene muli malire enieniwo, atasanduka manambala. Potenga zinthu m'nkhokwemo amagwiritsa ntchito timalamulo tokonzeratu totchedwa ma function, kalikonse ndi ntchito yake. Kotchedwa ST_Area kamayeza kukula kwa dera, ntchito ija ya planimeter ndi kusamba m'manja. Kotchedwa ST_Contains kamanena ngati mjigo, sukulu kapena chipatala chili m'kati mwa malire akutiakuti. ST_Union kamasoka timadera tating'ono kukhala dera la mfumu, madera a mafumu kukhala boma, n'kufafaniza mizere ya pakati popanda lezala. ST_Intersects kamatola madera onse amene akhudzana ndi malo ena, ndipo SUM amawonkhetsa anthu ake mopanda kereketekerekete. Iye mwini analembanso function yakeyake yoti ukaipatsa nambala ya boma, imabweretsa madera onse a mafumu a m'bomalo, lililonse ndi malire ake, anthu ake ndi kuchulukana kwawo pa sikweya kilomita. Anandilembera 311, n'kudina, ndipo Nsanje yense anatulukira pagalasi, kuyambira kwa Mlolo mpaka kwa Ndamera, ine ndisanamalize kupukuta magalasi.

Ndisakunamizeni, ana anga, ndinachita nsanje. Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, kapena namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, akanatipeza ife ndi planimeter wathu, tikanatha masabata tikuyeza pamene anthu ali pa zulu ndi m'mitengo kudikira thandizo. Lero amatenga chithunzi cha setilaiti choonetsa pamene pafika madzi, n'kuchiyala pa timadera ta kalembera, ndipo tsiku lomwelo amakhala ndi chithunzithunzi cha anthu amene akhudzidwa ndi kumene mabwato ayambire. Kalembera wa 2008 anapeza anthu 13,077,160, ndipo wa 2018, amene owerenga ake ananyamula matabuleti m'malo mwa mitolo ya mapepala, anapeza 17,563,749, m'timadera toposa 18,000. Dziko la anthu ochuluka chonchi silingayendetsedwenso ndi rula ndi makina opukusa, ndipo mkulu wonena kuti tibwerere kumeneko ndiye kuti sanapukusepo.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti function ili ngati mwana womvera amene wamutuma kumsika: amathamanga, amabweretsa ndendende chimene wanena, ndipo sakufunsa kuti kodi agogo, mchere mukuutumawu si uja tagula dzulo? Ukaipatsa malire a 2018 ndi chiwerengero cha 1987, imakugawira bwinobwino, n'kukupatsa yankho la manambala asanu ndi limodzi kuseri kwa kadontho. Ukalumikiza matebulo ndi dzina m'malo mwa nambala, anthu a Malemia wa ku Zomba amakapezeka ku Nsanje, iyo osatsokomola n'komwe. Malire akasungidwa m'madigiri, monga amachitira GPS, ST_Area imakuyankha m'madigiri, nambala yopanda tanthauzo kwa mlimi kapena kwa bwanamkubwa, pokhapokha uyambe wawatembenuza ndi ST_Transform kupita ku muyeso wa mamita. Kuno kwathu amalemba 32736, nambala ya chigawo 36 cha kummwera kwa dziko lapansi m'muyeso umenewo. Mapu athu akale anayezedwa pa maziko otchedwa Arc 1950, pamene GPS imayenda pa WGS 84, ndipo ukasakaniza ziwirizi osatembenuza, chilichonse chimasuntha mamita mazana awiri kapena atatu. Pa mapu a dziko lonse zimenezo sizioneka. Koma pamudzi, mamita mazana awiri ndi mjigo wa mfumu ina kupezeka kwa mfumu inzake, ndipo milandu ya malo yayambikapo pa zochepa kuposa pamenepo.

Palinso ulesi wina umene makina amaulola. Madzi akamiza theka la dera, njira yachidule ndiyo kunena kuti theka la anthu lakhudzidwa, ngati kuti anthu anafesedwa mofanana paliponse. Amene anayendako amadziwa kuti sizili choncho. M'chigwa cha Shire anthu amathinana m'mbali mwa msewu ndi pa zitunda, pamene dambo lalikulu la Elephant Marsh lili ndi asodzi owerengeka ndi mvuu. Ku Mulanje mfumu ikhoza kukhala ndi dera lalikulu papepala, koma gawo lina ndi thanthwe ndi minda ya tiyi. Ngakhale dziko lathu lenilenilo, la masikweya kilomita 118,484, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi madzi, ndipo wogawa anthu ndi nambala yonseyo ndiye kuti wawamangira nyumba pa nyanja. Mapu otuluka pamenepo amakhala okongola, a mitundu yosalala bwino, oyenera kupachikidwa pakhoma pa msonkhano wa ku hotela. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikunena kuti ana a lero ndi opusa. Mdzukulu wangayu amadziwa masamu amene ine sindinawalotepo, ndipo zambiri mwa mbuna zimenezi amazidziwa. Kusiyana kwake n'kwakuti ife kuchedwa kunkatiphunzitsa mokakamiza. Pofika pomaliza kutsata malire a mfumu ndi Rotring, unkakhala utadziwa khwawa lililonse, ndipo nambala yolakwika inkakununkhira usanaiwonkhetse n'komwe, poti unkadziwa kuti kadera ka nyumba zowerengeka kaja sikangakhale ndi anthu zikwi zisanu. Safunsa anadya phula, koma ife kufunsa sikunali ukoma wathu. Kunalibe njira ina yopezera pepala popanda kudutsa kwa Madala. Lero munthu akhoza kukhala ku London kapena ku Lilongwe, n'kukoka malire a kwa Nyachikadza pa intaneti, n'kulemba lipoti lonse, osadziwa kuti kumeneko amapita pa bwato, ndi kuti wowerenga wa 2018, tabuleti yake ili m'jumbo kuopa madzi, anayambabe wakhala pansi kwa mfumu ndi kuomba m'manja.

Chimene chinatayika kwambiri ndi zolemba za m'mphepete. Mapu athu a kumudzi anali odzaza ndi pensulo: mlatho uwu umakokoloka mu Januwale, lowerani cha kumtunda, mudzi uwu unasamuka chifukwa cha njovu, apa pali manda, musadutse ndi nsapato, mzere uwu mafumu sanagwirizane. Pamene tinkadina timadontho pa bolodi lija, tinauzidwa kutenga mizere ndi manambala, ndipo tinatenga zomwezo. Mzere wodukizadukiza wa mkangano unalowa m'kompyuta uli wolunzika bwino, wofanana ndi mzere wa mtsinje umene palibe anaukanapo. Nditamufotokozera mdzukulu wanga zimenezi, anati tebulo lake lili nalo danga la ndemanga, ndipo mosiyana ndi shapefile imene inkalola zilembo 254 zokha, umu mukhoza kulemba tsamba lonse. Analitsegula kuti ndione. Kuyambira pamwamba mpaka pansi munali mawu amodzimodzi, NULL, kutanthauza kuti simunalembedwepo kanthu.

Ndiye masiku ano akabwera Loweruka amabwera ndi laputopu, ine n'kutulutsa makope anga akale a kumunda amene njenjete zinawasiyako, ndipo amalemba zimene ndikukumbukira, dera ndi dera, akuika chaka pa ndemanga iliyonse ndi kulemba kuti wanena ndi agogo, kuti wodzawerenga adzadziwe poyambira kukayika. Timakangana kwambiri. Iye amati chithunzi cha setilaiti chikuonetsa mtsinje uli apa, ine ndimati m'masiku athu unali apo, ndipo kawirikawiri tonse timakhala tikunena zoona, chifukwa Ruo anaboola njira yatsopano cha ku Makhanga m'madzi a 2015. Tayambira ku Nsanje komweko, poti ndi kumene madzi asuntha zinthu kwambiri. A Malemia a ku Zomba ayambe adikira.